Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Blantyre: minda ya ku Chileka ikuthera mu Shire

Bwana,

Mvula ya chizimalupsa ikadutsa n'kugwa yobzalira, mudzaime m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe kapena wa Lunzu muone madzi ake. Amakhala ofiira ngati thobwa. Limenelo ndi dothi lapamwamba la minda yathu, likupita ku Shire kukakwirira damu la magetsi la Nkula ndi malo opopera madzi a Walker's Ferry. Ife timatsala ndi lubwe, a m'tauni n'kumadandaula za kuzimazima kwa magetsi.

Kuno kwa Kuntaja feteleza akugwa pa nthaka yoguga. Thumba lomwe kale linkadzaza nkhokwe lero likubereka chimanga chofika m'chiuno, kaufiti ali mbwee pansi pake.

Chomwe chimandiwawa n'choti mankhwala a vutoli timawadziwa. Pulojekiti ya COVAMS, yomwe boma lidayamba mu 2007 ndi thandizo la Japan, idaphunzitsa anthu a kwa Kuntaja ndi kwa Kapeni kukonza akalozera, kutseka zigwembe ndi miyala ndi kufesa mitengo panazale. Amene adagwiritsa ntchito njirazi, minda yawo imaoneka. Fukulani pansi pa mapesi ophimbira mu Janyuwale, ng'amba ili pakati: dothi lakuda, lonyowa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Ena akupanga manyowa a Mbeya ndi gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, n'kubzala nandolo ndi gilisidiya pakati pa chimanga. Koma mayi akaphimbira munda wake mu Juni, pofika Ogasiti osaka mbewa autentha, kapena mbuzi zotayirira zadya zonse. Mtima umafooka, Bwana, ndipo chaka chinacho mayiyo saphimbiranso.

Apa ndi pamene pakufunika inu. Khalani pansi ndi mafumu ndi makhansala, mukhazikitse malamulo a m'dera oletsa moto wolusa, ziweto zoyenda zokha ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, ndipo akhale malamulo oluma. Alangizi achuluke, apatsidwe njinga, afike m'minda osati pamisonkhano pokha. Phiri la Michiru, lomwe likumetedwa ndi makala, litetezedwe, chifukwa madzi otsika paphiri lopanda mitengo sasankha munda.

Malawi adalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Gawo lathu la lonjezolo liyambike dzinja lino lisanafike. Chonde bwerani mudzaone nokha.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Chileka