Kodi Tigule Kompyuta Yotani ya Magazini Athu?

Anzanga ena a m'komiti ya magazini ano akuti ndalama zikakwana tigule Mac, poti ati ndiyo kompyuta ya anthu osindikiza mabuku. Ine sindivomerezana nawo, ndipo ndipempha aphunzitsi athu pamodzi ndi inu nonse kuti mumve zifukwa zanga.

Mbiri imene anzangawa atsamirapo njoona ndithu. Kampani ya Apple inatulutsa Macintosh m'chaka cha 1984, ndipo mu 1985 kunadza makina osindikizira a LaserWriter ndi pulogalamu yotchedwa PageMaker. Zitatuzi zinathandiza munthu mmodzi, ali pa tebulo pake, kukonza tsamba lathunthu monga momwe lidzaonekere papepala, ntchito imene kale inali ya amisiri a ku nyumba zosindikizira okha. Koma zimenezo nzakale. PageMaker inayamba kugwiranso pa Windows mu 1987, ndipo InDesign, imene inailowa m'malo, imagwira konsekonse. Wosindikiza wa lero mukampatsa fayilo ya PDF safunsa kuti yachokera m'makina otani.

Tsono funso lenileni ndi ili: ikadzawonongeka adzatikonzera ndani? Kompyuta wamba mmisiri amaitsegula, nachotsa chofacho, naikamo china. Mac za masiku ano memory yake inamatiridwa m'katimo, kotero kuti simungaiwonjezere. InDesign nayonso, kuyambira 2013, yatsopano sigulidwa kamodzi ayi, koma munthu amalipirabe mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Ife amene timasonkha timakwacha ta pepala tingathe zimenezo? Pulogalamu ya Scribus imayala masamba ndi zithunzi popanda kulipira kanthu.

A kalabu ya sayansi asade nkhawa ndi masamu awo. Donald Knuth anayamba kupanga TeX mu 1977 chifukwa chosakondwa ndi maonekedwe a masamu m'buku lake, ndipo LaTeX, imene inamangidwa pamenepo, njaulere pa makina onse.

Maganizo anga ngakuti tigule makompyuta wamba awiri, ngakhale ogwirapo kale ntchito, kuti mkonzi ndi wojambula asamalimbirane mpando umodzi. Popeza Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, akakhala okalamba tiikemo Linux. Ndipo tisanasankhe mtundu wa zilembo, tiyambe tayesa kulemba "Malaŵi", pakuti mitundu ina ilibe ŵ, imangoika kabokosi pamalo pake.