Kalaliki akakana viza, ndani angamufunse chifukwa?

Abale anga a ku Lilongwe, Chipata, Tete, Harare ndi kwina konse, munthu akakanidwa viza yokacheza ku Britain timakonda kumutonthoza kuti: "Dziko ndi la eni ake, ingovomerezani." Ine chitonthozo chimenechi ndikuchikana. Eni dziko ali ndi mphamvu yosankha alendo awo, koma boma lodzitama kuti limayendera malamulo liyenera kulola woweruza kuona ngati kalaliki wake watsatira malamulowo.

Kalata zokanira zija zimatsamira pa mawu amodzi a Chingerezi otanthauza kuti "sindikukhutira". Monga wophunzira za zilankhulo, mawuwa amandidetsa nkhawa. Sanena kuti wopemphayo walakwa, angonena za mtima wa wolembayo. Mayi wofuna kukaona mwana wake akulandira digiri angapereke zikalata za nyumba, za ntchito ndi za ku banki, koma kusakhutira kwa munthu mmodzi amene sanamuonepo nkope kumatha nkhani yonse.

Kale sizinali chonchi. Kufikira mu June 2013, wokanidwa viza yokacheza kwa achibale ankatha kuchita apilo, woweruza n'kumva nkhani yonse. Lamulo la Crime and Courts Act la 2013 linachotsa ufuluwo, kupatula pa madandaulo a ufulu wachibadwidwe ndi tsankho, ndipo Immigration Act ya 2014 inapanikizanso njira za apilo. Boma linkati kupemphanso viza n'kwachangu ndiponso kotchipa. Koma wopemphanso amalipiranso, amayenera kuulula kuti anakanidwapo, ndipo ngati kalata yoyamba inamunena kuti ananama, angatsekeredwe kunja zaka 10.

Kwa ambiri khomo lotsala ndi limene a zamalamulo amalitcha judicial review, kupempha khoti kuti liunike ngati chiganizo cha boma chinapangidwa motsatira malamulo. Khomoli n'lopapatiza. Pempho liyenera kufika msanga, pasanathe miyezi 3. Nkhani zambiri zotere zimapita ku Upper Tribunal. Woweruza safunsa ngati munayenera kulandira viza; amangoona ngati kalaliki ananyalanyaza umboni, anapotoza lamulo kapena anaganiza mopanda nzeru. Mukapambana, kawirikawiri nkhani imabwerera ku Home Office komweko kuti akaganizenso. Mukagonja mungalipire ndalama za loya wa boma. Mphunzitsi wa ku Dedza wolandira makwacha angazipeze kuti ndalama za loya wa ku London?

Komabe onena kuti makhoti amangochedwetsa boma akunama. Mu 2019 magulu atatu a aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Britain, limodzi mwa iwo loona za Malawi, anatulutsa lipoti losonyeza kuti mwayi woti munthu wa ku Africa akanidwe viza yokacheza ndi woposa kawiri wa anthu a kumadera ena. Kuyambira 2015 Home Office inkagwiritsa ntchito pulogalamu ya kompyuta yogawa mapempho m'magulu ofiira, achikasu ndi obiriwira, ndipo dziko lochokera wopempha linali chimodzi mwa zoyezera. Mabungwe a JCWI ndi Foxglove atatengera nkhaniyi ku khoti, boma linaimika pulogalamuyo mu August 2020, mlandu usanazengedwe n'komwe. Lipoti la aphungu silinaigwetse. Inagwa chifukwa boma linaopa kukafotokoza pamaso pa woweruza.

Choncho ndikunena ziwiri. Kwa abale athu okhala ku Britain amene amavota: funsani aphungu anu kuti ufulu wa apilo wa alendo a m'banja ubwerere. Kwa okanidwa: musang'ambe kalatayo chifukwa cha manyazi. Iwerengeni mzere ndi mzere, muone umboni umene sanautchule, ndipo funsani wodziwa malamulo za kalata yochenjeza boma musanapite ku khoti, imene nthawi zina imakwanira kuti chiganizo chiunikidwenso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.