Abusa amene anasinthanitsa guwa ndi mpando wa ndale

M'mwezi wa Juni 1998, mbiri ya Pulezidenti Bill Clinton ndi Monica Lewinsky ili m'kamwam'kamwa, mpingo wa Southern Baptist Convention, womwe ndi waukulu kuposa mipingo yonse yachipulotesitanti ku America, unasonkhana mumzinda wa Salt Lake City n'kumanga mfundo. Unati khalidwe la mtsogoleri si nkhani ya kuchipinda kwake kokha, ndipo mtundu umene umalekerera mtsogoleri wa makhalidwe oipa umaumitsa chikumbumtima chake ndi kudziitanira chiweruzo cha Mulungu. Abusa analalikira zimenezi mpaka mawu kusasa. Ana anali pamabenchi, akumva zonse.

Patapita zaka 18, mu Okutobala 2016, kunatuluka kanema wa Access Hollywood momwe Donald Trump ankadzitama kuti poti ndi munthu wotchuka, amatha kugwira akazi kumalo obisika osawapempha. Mwezi wotsatira, mwa azungu 100 aliwonse a chievanjeliko amene anaponya voti, pafupifupi 81 anavotera iyeyo. Bungwe la kafukufuku la PRRI linapeza china chochititsa manyazi kuposa apa. Mu 2011, azungu a chievanjeliko 30 okha mwa 100 ndiwo ankavomereza kuti mtsogoleri wochita zachisembwere m'seri angathe kugwira ntchito ya boma mwachilungamo. Pofika 2016 anali 72. Baibulo lawo silinasinthe m'zaka zisanu zimenezo. Chinasintha ndi chipani cha wochimwayo basi.

Lero atsogoleri omwewa akulira kuti matchalitchi akuphwa. Akuphwadi. Azungu a chievanjeliko anali 23 mwa anthu 100 aliwonse a ku America mu 2006. Pofika 2020 anali atatsika kufika pafupifupi 14. A Southern Baptist anali ndi mamembala oposa 16 miliyoni mu 2006, koma mu 2023 anali osakwana 13 miliyoni. Ukawafunsa chifukwa, amaloza chala kunja: masukulu aukachenjede, Hollywood, intaneti, manyuzipepala, dziko lodana ndi Khristu. Ena mpaka amati akuzunzidwa. Kuzunzidwa kwake kuti? Anthu okhala ndi mawailesi ndi ma TV awoawo, mayunivesite awo, ndiponso khomo lotsegula ku White House, akadzitcha ozunzidwa amanyoza Akhristu a kumpoto kwa Nigeria amene amaikadi maliro chifukwa cha chikhulupiriro.

N'zoona kuti chipembedzo chikuchepa mphamvu m'mayiko ambiri olemera, ndipo mipingo ina ya ku America imene siyenda ndi chipani cha Republican nayonso yataya anthu ochuluka. Koma zimenezi sizichotsa mlandu. Kale mu 2002, akatswiri awiri a za chikhalidwe cha anthu, Michael Hout ndi Claude Fischer, anaonetsa kuti ambiri mwa amene ankayamba kunena kuti alibe mpingo sanasiye kukhulupirira Mulungu. Ankathawa chikhristu chimene chinali chitasanduka nthambi ya chipani. Chenjezo linabwera msanga. Abusa anangokweza mawu.

Matendawa sanayambe ndi Trump. Tiyeni tipite ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, tauni imene Mmalawi aliyense wodziwa mbiri ayenera kuikumbuka, chifukwa n'kumene John Chilembwe anakaphunzira ubusa pa sukulu ya a Baptist achikuda asanabwerere kudzayambitsa mishoni ya PIM ku Chiradzulu mu 1900. M'tauni yomweyo, mu 1965, mbusa wachizungu Jerry Falwell analalikira kudzudzula abusa amene ankaguba limodzi ndi Martin Luther King pomenyera ufulu wa anthu akuda. Anati mlaliki sanaitanidwe kuchita ndale, ntchito yake n'kupulumutsa miyoyo. Koma mu 1979 Falwell yemweyo anayambitsa Moral Majority, gulu losonkhanitsa mavoti a Akhristu, lomwe linathandiza Ronald Reagan kupambana chisankho chaka chotsatira. Choncho ndale zinali tchimo pamene olira anali anthu akuda, n'kusanduka utumiki pamene mphamvu inayamba kununkhira. Mwana wake, Jerry Falwell Jr., anali mmodzi mwa atsogoleri oyamba a chievanjeliko kuikira kumbuyo Trump, mu Januwale 2016. Mu Ogasiti 2020 anatula pansi udindo woyendetsa Liberty University chifukwa cha nkhani zochititsa manyazi zokhudza banja lake ndi khalidwe lake, pa sukulu imene ophunzira amalangidwa chifukwa cha zolakwa zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi zimenezo.

Atsogoleri a chievanjelikowa amati anachita zonsezi kuti apeze oweruza amene angaletse kuchotsa mimba. Chabwino, anawapeza: mu Juni 2022 khoti lalikulu linafafaniza chigamulo cha Roe v. Wade, chimene chinkalola kuchotsa mimba. Munthu angathe kuvotera wandale woipa mtima ukuwawa, poona kuti winayo ndi woipa koposa, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma si zimene tinaona. Tinaona abusa akumuika manja Trump, akumuyerekeza ndi mfumu Koresi kapena Davide, akumutcha wosankhidwa wa Mulungu. Davide uja anali ndi Natani, mneneri amene analowa m'nyumba yachifumu n'kumuloza chala pa za mkazi wa Uriya. Awa analowa kukajambulitsa.

Taonani zimene zinachitikira Baibulo lenilenilo m'manja mwa mgwirizano umenewu. Pa 1 Juni 2020, patangopita sabata munthu wakuda George Floyd ataphedwa ndi wapolisi, apolisi anabalalitsa anthu ochita zionetsero pa Lafayette Square ndi utsi wokhetsa misozi, kenako pulezidenti Trump anawoloka bwalolo, n'kuima kutsogolo kwa tchalitchi cha St. John's, n'kukweza Baibulo m'mwamba kuti makamera aone. Sanalitsegule, sanapemphere, sanalowe m'tchalitchimo. Pa 6 Januwale 2021, khamu limene linathyola nyumba ya malamulo ku Washington linanyamula mitanda ndi mbendera zolembedwa dzina la Yesu, ndipo ena atalowa m'chipinda cha Senate anaweramitsa mitu n'kupemphera, apolisi akumenyedwa panja. Mu Malichi 2024, sabata yokumbukira masautso a Yesu, Trump anayamba kutsatsa Baibulo lokhala ndi mbendera ya America pachikuto, lophatikizidwa ndi malamulo oyendetsera dzikolo, pamtengo wa madola 59.99. Wachinyamata woona zonsezi safunika mphunzitsi wosakhulupirira Mulungu kuti amuchotse m'tchalitchi. Ntchitoyo abusa aigwira okha.

Koma choipa chachikulu sichinachitikire pamaso pa makamera. Mu Febuluwale 2019, manyuzipepala a Houston Chronicle ndi San Antonio Express-News anaulula kuti m'zaka 20, abusa, aphunzitsi a Sande sukulu, atsogoleri a achinyamata ndi ena pafupifupi 380 a mipingo ya Southern Baptist anaimbidwa milandu yogwirira ndi kuchita nkhanza zogonana, ndipo ochitiridwa nkhanzazo anaposa 700, ambiri mwa iwo ana. Ena mwa olakwawo ankangochoka pampingo uwu n'kukalandiridwa pa wina, n'kukapatsidwanso ana oti aziwayang'anira. Kwa zaka zambiri ochitiridwa nkhanzawo ankapempha chinthu chimodzi chosavuta: kaundula wa mayina, kuti mpingo ukafuna kulemba mbusa uziyamba waona ngati dzina lake lilimo. Akuluakulu ankayankha kuti n'zosatheka, poti mpingo uliwonse wa Baptist umadziyendetsa wokha. Ndiye mu Meyi 2022 lipoti la ofufuza a Guidepost Solutions linatuluka: kulikulu kuja mndandanda unalipo kale, wa mayina mazanamazana, wosungidwa mwachinsinsi. Amene ankati sizingatheke ndi omwe anali nawo m'kabati. Maganizo awo onse anali pa kupewa kusumiridwa kukhoti, ndipo amayi amene analimba mtima kulankhula ankanyozedwa ngati adani a uthenga wabwino. Mbusa wa nkhosa weniweni akaona fisi m'khola amakuwa. Awa anatseka pakamwa nkhosa zolumidwazo kuti mbiri ya khola isaipe.

Si Southern Baptist yokha. Ravi Zacharias, amene ankayendayenda dziko lonse kuteteza chikhristu pamaso pa ophunzira, anamwalira mu 2020 akutamandidwa ngati ngwazi. Chaka chotsatira, kafukufuku amene bungwe lake lomwe linalamula anatsimikiza kuti kwa zaka zambiri ankachitira amayi nkhanza zogonana. Mayi amene anamuulula akadali moyo anasumiridwa ndi Zacharias yemweyo.

Alipo amene anakana kugwada, ndipo zimene zinawaonekera zikuonetsa kuzama kwa chilondachi. Russell Moore, amene ankatsogolera nthambi ya Southern Baptist yoona za makhalidwe ndi boma, anadzudzula Trump komanso kubisa nkhanza. Anafufuzidwa, anavutitsidwa, mpaka anachoka mu 2021. Beth Moore, mphunzitsi wa Baibulo amene amayi mamiliyoni ankagwiritsa ntchito mabuku ake, ananena poyera kuti kanema wa 2016 uja anamunyansa. Nayenso anatuluka mu mpingowo chaka chomwecho. Tisaiwalenso mipingo ya anthu akuda, imene imakhulupirira za kubadwanso mwatsopano mofanana ndi azunguwo koma sinagwadire fano limeneli, ndiponso Akhristu wamba ambirimbiri amene akudyetsa osowa ndi kulandira othawa kwawo mwakachetechete. Dzina lawo laipitsidwa ndi anthu a pamwamba.

Ife kuno nkhaniyi yatikhudza m'thupi. Mu 2003, Akhristu a chievanjeliko anali m'gulu la amene analimbikitsa George W. Bush kukhazikitsa PEPFAR, ndondomeko imene yapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni ku Edzi, kuphatikizapo abale athu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Imeneyo inali ndale yogwirizana ndi uthenga umene amalalikira. Mu Januwale 2025, boma limene iwo anavotera mwaunyinji linaimitsa thandizo la kunja mwadzidzidzi n'kuyamba kugwetsa USAID, ndipo ogwira ntchito ambiri a m'mapulogalamu a HIV kuno anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Mabungwe ena achikhristu anadandaula ndithu. Koma mkokomo uja timaumva nkhani ikakhala ya oweruza kapena ya chisankho sunamveke. Anagula khutu la mfumu pamtengo wa ulemu wawo wonse, ndipo tsiku loti alankhulire odwala litafika, ambiri anaopa kutaya mpando wa patebulo.

Ndipo musaganize kuti mpingo wa Southern Baptist uja sungathe kuchita zinthu mwachangu ukafuna. Mu 2023 unachotsa Saddleback, umodzi mwa mipingo yake ikuluikulu, umene anauyambitsa Rick Warren, chifukwa chokhala ndi abusa aakazi. Nthumwi za ku msonkhano wa ku New Orleans zinavomereza ndi mavoti ochuluka zedi, ndipo palibe amene anaona kudziyendetsa kwa mipingo ngati chopinga. Kaundula wa ogwirira ana uja anavomerezedwa chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2022, ku Anaheim. Pofika msonkhano wa 2024, munalibe dzina ngakhale limodzi.