Nyimbo ya Wothawa Kwawo Si Yovinira Chabe

Pafupi ndi kwathu ku Chinyonga panali kagolosale ka mayi ena ochokera ku Burundi. Akamalongedza shuga m'timapepala ankayimba chapansipansi. Tsiku lina nditawafunsa tanthauzo la nyimboyo, anaseka nati ndi yogonekera mwana basi. Mu 2023 boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, kagolosaleko kanatsekedwa. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukayika ngati nyimbo ya munthu wothawa kwawo ingakhale "basi".

Chomwe chinanditsegula maso ndi nkhani ya anthu a ku Tibet. Dalai Lama atathawira ku India mu 1959, chimodzi mwa zinthu zoyamba kukhazikitsa chinali sukulu yosunga nyimbo ndi magule amakolo, yomwe lero ili ku Dharamsala. Mmodzi mwa amene anaphunzira pasukulupo, Ngawang Choephel, anabwerera ku Tibet mu 1995 kukajambula nyimbo za m'midzi. Boma la China linamumanga n'kumugamula zaka 18 pomuganizira ukazitape, ndipo anatuluka mu 2002. Kodi boma lamphamvu choncho lingaope chiyani pa nyimbo za kumunda ndi zokamira mkaka? Ine ndikuona kuti linkaopa uthenga womwe nyimbo yotere imanyamula popanda kuutchula, wakuti anthu awa alipo, ali ndi chilankhulo, ndipo ali ndi kwawo.

Ife Amalawi sitiyenera kudabwa nazo. Tikudziwa momwe mbumba za Kamuzu zinkatengera magule akumudzi n'kuikamo mawu otamanda Ngwazi ndi onyoza omwe anathawira kunja. Dzaleka yemweyo anali malo otsekerako anthu pazifukwa zandale asanasanduke msasa mu 1994. Pamalo omwewo, mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, chomwe chakhala chikukopa anthu zikwizikwi.

Vuto langa lili pa ife opita kukaonerera. Timavina ng'oma za Chirundi mpaka thukuta kamukamu, kujambula zithunzi, kenaka n'kukwera basi kubwerera m'tauni. Woyimba ng'omayo amatsala mumsasa wa anthu oposa 50,000, malamulo athu osamulola kutulukamo mwaufulu kapena kugwira ntchito yomwe akufuna. Tamva ng'oma, koma pempho lake sitinalimve.

Anzanga ena m'kalasi amati mlendo asamalowerere ndale za eni mudzi, ndipo nyimbo zake zikhale zachisangalalo. Mfundoyi ndikanaimvetsa akanakhala mlendo wa masiku awiri. Koma ku Dzaleka kuli anyamata ndi atsikana amsinkhu wanga obadwira konko, olankhula Chichewa kuposa ine, omwe Bujumbura kapena Bukavu amangoidziwira m'nyimbo za amayi awo. Amenewa tiziwauza kuti akadandaule kuti?