Akakuuzani Kuti Ana Ali Bwino, Funsani za Ndalama

Lachitatu lina cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndili mu laibulale ya pa yunivesite kulimbana ndi chaputala chachitatu cha thesis yanga, foni inalira. Anali achemwali anga. Iwowa amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Texas, ndipo anali atangoweruka shifiti ya usiku. Mawu akunjenjemera, anati, “Achimwene, tandiwerengerani meseji ndakutumiziraniyo. Kusukulu ya mwana kwagwanji?”

Mesejiyo inali mizere itatu basi. Inati sukulu yaikidwa pa Secure chifukwa apolisi akugwira ntchito m'dera loyandikana nayo, maphunziro akupitirira, makolo musabwere. Patapita mphindi 40 inabwera ina yoti zatha, ana onse ali bwino, zikomo chifukwa cha mgwirizano wanu. Mgwirizano wake uti? Munthu wakhala pabedi ndi yunifomu, foni m'manja, mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati ayambe kuthamanga kapena kupemphera. Madzulo mwana uja ndi amene anatifotokozera. “Amalume, anatseka zitseko zonse, sitinatuluke pa break, ndipo mnzanga wina amalira chifukwa akuti kunali munthu wa mfuti.” Kaya kunalidi mfuti kaya ayi, mpaka lero district sinatiuze.

Patangotha sabata imodzi, m'bokosi la makalata munagwa chikalata chonyezimira chochokera ku district yomweyo. Masamba anayi, zithunzi za ana akumwetulira, Chizungu mbali ino Chisipanishi mbali inayo. Nkhani yake inali chisankho cha bond, ngongole yomwe district ikufuna kutenga ngati anthu avomereza. Munali chilichonse: kuchuluka kwa ndalama, makamera, mipanda, zitseko zatsopano, ngakhale masamu oti mwini nyumba aziwonjezera zingati pamwezi. Ndinaziika pamodzi patebulo, foni ndi chikalatacho, n'kuziyang'ana. Ofesi imodzi, anthu omwewo. Pa tsiku lomwe mayi amaopa kuti mwana wake wafa, mizere itatu. Pa tsiku lofuna ndalama, masamba anayi a utoto.

Anzanga, makamaka inu amene mwasanduka womasulira wa m'nyumba, amene achemwali, azakhali kapena amayi amakuponyerani imelo iliyonse ya kusukulu kuti “taona kaye ichi”, mfundo yanga lero ndi imodzi. Meseji ya chitetezo ndi kalata ya ndalama ndi nkhani imodzi. Amazitumiza padera, m'chilankhulo chosiyana, ndipo pamene ife tikuziwerenga padera iwo zinthu zimawayendera.

Tiyambe ndi mawuwo. Achemwali anga Chizungu amachidziwa, MSCE anakhoza bwino kuposa ine. Koma Secure si Chizungu chomwe tinaphunzira. Ndi limodzi mwa mawu 5 a ndondomeko yotchedwa Standard Response Protocol, ya bungwe la I Love U Guys la ku Colorado, yomwe sukulu zambiri za ku Texas zimatsata: Hold, Secure, Lockdown, Evacuate, Shelter. Secure ndiye kuti choopsa chili kunja, ana onse alowe, zitseko zakunja zikhomedwe, kalasi ipitirire. Lockdown ndiye kuti choopsa chili mkati, akhome chitseko cha kalasi, azimitse magetsi, abisale chete. Kusiyana kwake n'kwakukulu ngati kwa mvula ndi chigumula. Mwana wa giredi 2 amakudziwa chifukwa amayeserera chaka chilichonse. Mayi ake sakudziwa, chifukwa kufotokozera kwake kuli patsamba linalake la buku la malamulo a sukulu lomwe anasainira pa intaneti mu August. Kodi kuwonjezera mzere umodzi mu mesejimo, woti choopsacho chili kunja kwa mpanda, kukanawononga madola angati?

Mwina muti ndikukokomeza. Ndiye tikumbutsane za Uvalde. Pa 24 May 2022 mnyamata wa zaka 18 analowa pa Robb Elementary n'kupha ana 19 ndi aphunzitsi 2. Apolisi 376 anafika pamalopo, koma panatenga mphindi 77 kuti alowe m'kalasimo. Izi ambiri mukuzidziwa. Chomwe ambiri sitikumbuka n'chakuti zipolopolo zili mkati, tsamba la Facebook la sukuluyo linalemba kuti sukulu ili pa Lockdown chifukwa cha kulira kwa mfuti m'deralo, ndipo ana ndi antchito ali otetezeka m'nyumbamo. Otetezeka. Lipoti la Department of Justice la mu January 2024 linadzudzula kwambiri momwe akuluakulu analankhulirana ndi mabanja tsiku limenelo ndi masiku otsatira. Makolo ena anadikira mpaka usiku, n'kupemphedwa kupereka DNA kuti ana awo azindikirike. Ndiye miyezi ingapo pambuyo pake, sukulu za m'boma lonse zinayamba kugawira makolo timakiti tosungira DNA ndi zidindo za zala za ana awo. Lamulo lake linali la 2021 ndipo cholinga chake chinali cha ana osowa, zoona. Koma tangoganizani kholo likutsegula chikwama cha mwana n'kupeza zimenezo chaka cha Uvalde. Kuchokera pamenepo, kholo lililonse la ku Texas lili ndi chifukwa chokwanira chosakhutira ndi mawu oti ana onse ali bwino.

Tsono ndalama zikulowa pati? Mu 2023 nyumba ya malamulo ku Austin inakhazikitsa House Bill 3, lamulo loti sukulu iliyonse ya boma ikhale ndi mlonda wa mfuti nthawi ya maphunziro. Pa TV zinamveka bwino kwambiri. Ndalama zomwe anaikapo zinali $15,000 pa sukulu iliyonse ndi $10 pa mwana aliyense. Inu amene mumalipira lendi kuno, ndiuzeni: wapolisi wake ndani angagwire ntchito chaka chathunthu pa $15,000? Mu 2025 anakweza ndalamazo pafupifupi kawiri, koma sizinafikebe pa malipiro a wapolisi mmodzi. Zotsalazo district iyenera kuzichotsa m'thumba lomwelo lolipirira aphunzitsi, ma counselor, manesi ndi madalaivala a basi. Ndipo thumba limenelo linali louma kale, chifukwa ndalama yoyambira yomwe boma limawerengera pa mwana aliyense inaima pa $6,160 kuyambira 2019 mpaka 2025, pamene mitengo ya zinthu zonse inkakwera.

Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Opanga lamulo ankadziwa kuti ndalamazo sizikwana, choncho anasiya khomo lakuseri. Bodi ya district ikhoza kuvota kuti ilibe ndalama kapena yasowa apolisi okwanira, n'kusankha njira ina, mwachitsanzo kulola wantchito wa pasukulu yemwe waphunzitsidwa kuti azinyamula mfuti. Ma district ambiri anadutsa pakhomo limeneli. Sindikuti onse analakwa, poti wopanda ndalama sangabereke wapolisi. Koma kodi anakuuzani? Kalata yomwe imafika kunyumba imati district ikutsata malamulo onse a boma pa chitetezo. Bodza palibe pamenepo. Koma chiganizo chimenecho chikhoza kutanthauza wapolisi wa yunifomu pakhomo, chikhozanso kutanthauza kuti pali mphunzitsi wina amene ali ndi mfuti, ndipo dzina lake simudzauzidwa. Achemwali anga ali ndi ufulu wodziwa kuti pasukulu ya mwana wawo pali ziti mwa ziwirizi. Akhoza kugwirizana nazo, akhoza kukana, koma adziwe.

China chomwe sanena mokweza: Texas imapereka ndalama ku sukulu potengera ana amene abwera tsiku ndi tsiku, osati amene analembetsa. Mphekesera ya mfuti ikafala pa Snapchat usiku, makolo n'kusunga ana kunyumba, mipando yopanda anthuyo imawerengedwa m'madola. Sindikunena kuti pali superintendent amene angaike mwana pachiswe chifukwa cha zimenezi, ayi, ndimakhulupirira kuti ambiri tulo sakupeza. Koma mukalandira imelo ya 9 koloko usiku yoti tafufuza, chiopsezocho n'chabodza, mawa sukulu iliko monga mwa nthawi zonse, dziwani kuti wolembayo ali ndi zifukwa ziwiri zofunira kuti mwana wanu abwere, ndipo wakuuzani chimodzi.

Tibwerere ku chikalata chonyezimira chija. Mawu oti chitetezo analembedwa patsamba lililonse. Chomwe sichinalembedwe n'chakuti ndalama za bond ndi zomangira ndi kugulira zinthu zokhalitsa. Zikhoza kugula kamera, koma sizingalipire munthu woyang'ana kamerayo. Zikhoza kumanga mpanda, koma sizingalembe ntchito counselor amene akanaona msanga mwana amene zinthu zamusokonekera m'mutu. Malipiro amachokera ku thumba lina, lija louma lija. Choncho kholo limavota kuti inde poganiza kuti lagula mlonda, pamene lagula chitseko. Chitseko n'chofunika, ku Uvalde nkhani ya zitseko inali yaikulu. Koma nenani kuti ndi chitseko. Ndipo poti lamulo limaletsa district kugwiritsa ntchito ndalama za boma kukopa anthu kuti avote inde, chikalatacho amati ndi chongodziwitsa. Eya, kungodziwitsa ndi ana akumwetulira masamba anayi.

Anthu akatopa ndi kulankhulidwa chonchi amabwezera pa voti. Mu November 2024 anthu a ku Houston anakana bond ya $4.4 biliyoni, ngakhale aliyense ankavomereza kuti nyumba zambiri za sukulu kumeneko n'zakutha. Otsutsawo ankangonena chinthu chimodzi, kuti popanda chikhulupiriro sipakhala bond, chifukwa district yawo inali m'manja mwa atsogoleri oikidwa ndi boma kuyambira 2023. Amene anatsala m'makalasi otentha ndi ana.

Ndikudziwa zomwe a ku ofesi angayankhe, ndipo zina n'zomveka. Sangalengeze kuti chitseko chakuti n'chophweka kuthyola, woipa nayenso amawerenga. Lamulo la FERPA limawaletsa kuulula za mwana wa munthu wina. Ndipo apolisi akadali mkati mofufuza, kulankhula msanga kumabala mabodza. Chabwino. Koma palibe amene akupempha mapu a sukulu kapena dzina la mwana. Tsiku lotsatira, zonse zitazizira, n'chiyani chimawaletsa kulemba ndime imodzi yoti chinachitika ndi ichi, chinatenga mphindi zakuti, chida chinapezeka kapena sichinapezeke? Chinsinsi cha chitetezo chasanduka chitenje chofundira chilichonse chomwe chingawachititse manyazi, kuphatikizapo manambala a bajeti omwe si chinsinsi n'komwe.

Tsopano ndibwere kwa ife, chifukwa nafenso tili ndi mlandu. Tinaleredwa kuti aphunzitsi sayankhidwa. Kalata ya kusukulu timailandira ndi manja awiri. Komatu makolo athu omwewo kumudzi, pa msonkhano wa PTA pansi pa mtengo, ankaimirira n'kufunsa ahedi kuti ndalama ya chitukuko tinasonkha ija yagula matumba angati a simenti. Tikafika kuno mphamvu imeneyo imathera pa eyapoti. Timati ndife alendo, tisaonekere. Ena mapepala sanalongosoke, ndipo kuyambira mu January 2025, pamene boma linachotsa malangizo omwe ankaletsa a immigration kugwira anthu pa sukulu, manthawo ali ndi maziko. Sindingauze munthu wotero kuti akaime pa maikolofoni. Koma inu ndi ine, a visa ya sukulu, a green card, ena munabadwira konkuno, chowiringula chathu n'chiyani?

Ana amenewa sali pasukulupo mwa chifundo cha munthu. Mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe womwe unachokera ku Texas konkuno, Supreme Court inagamula kuti mwana sangamanidwe sukulu ya boma chifukwa cha mapepala. Msonkho wa malo omwe umayendetsa sukuluzo nafenso timalipira, landilodi amauphatikiza mu lendi. Pa bond ambiri a ife sitingavote, zoona. Koma msonkhano wa bodi ndi wa aliyense. Mndandanda wa zokambirana amaupachika masiku atatu msonkhano usanachitike, ndipo lamulo la Texas limalola munthu aliyense kulankhulapo pa nkhani yomwe ili pa mndandandawo. Public Information Act imalolanso munthu aliyense kupempha zikalata za district, ndipo iwo saloledwa kukufunsani kuti mukufuna kuchita nazo chiyani. Ife timatha maola atatu pa WhatsApp kukangana za ndale za ku Lilongwe, zomwe sitingazisinthe tili kuno, koma imelo ya mizere isanu yopita ku ofesi yomwe ili mphindi 10 kuchokera pakhomo pathu imatikanika.

Ine ndinalemba yanga, m'dzina langa, osati la achemwali. Ndinafunsa zinthu zitatu: ngati bodi inavotera khomo lakuseri lija pa sukulu ya mwana wathu, amene amanyamula mfuti pasukulupo ndi wapolisi kapena wantchito wamba, komanso kuti pa ndalama zomwe boma linapereka district inawonjezera zingati ndipo inazidula pati. Patapita masiku angapo anandiyankha ndi ulemu wonse, kundithokoza chifukwa cha chidwi changa, n'kunditumizira link ya chikalata chonyezimira chija.

Ndalembanso, ulendo uno ngati pempho la pansi pa Public Information Act, ndipo ndalembetsa kulankhula pa msonkhano wa bodi wa mwezi uno. Amapereka mphindi zochepa, ndiye ndikuyeserera pagalasi ngati defence ya thesis. Achemwali akuti asinthana shifiti ndi mnzawo kuti apite nawo. Akuti salankhula, akangokhala kumbuyo n'kuwaona nkhope anthu amene anawatumizira mizere itatu ija.