Mbuzi sidya bulangete

Achinyamata anzathu, lero tikambeko za kumudzi. Ambirife tili m'tauni muno, koma fizi yomwe inatifikitsa pano inachokera m'khola: agogo anagulitsa mbuzi, ife n'kulemba mayeso. Ndiye nkhani ya msipu musaione ngati ya abusa okha.

Kumbukirani 2024. Kumapeto kwa February madzi anasefukira ku Nkhotakota, msewu wa M5 unaduka, anthu masauzande anakagona m'misasa. Chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza minda ndi malo ogona alendo. Pa 23 March, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha El Niño. Thandizo loyenda nthawi ngati imeneyo timalidziwa: thumba la chimanga la makilogalamu 50, mabulangete, ndowa, mapepala ofolera. Zofunika zonsezo, sitikutsutsa. Koma mbuzi ingadye bulangete?

Taganizani za mlimi wa kwa Malengachanzi. Kum'mawa kwake ndi nyanja. Kumadzulo kuli mpanda wa nkhalango ya Nkhotakota, yomwe a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, ndipo ziweto sizilowamo. Pakati apo pali madambo, omwe ena mwa iwo ndi minda ya mpunga. Madzi akakwera n'kumiza dambo, chiweto chikadye kuti? Chikalowa m'munda mwa mnzake ndi mlandu kwa amfumu. Akachimangirira pakhomo chimaonda, mwinanso kudwala ndi matope ndi njoka za m'mimba. Mapeto ake amachigulitsa kwa venda pamtengo wolira, poti venda naye amadziwa kuti munthuyu wapanikizika. Kanyenya yemwe timakomedwa naye madzulo pa chiwaya uja, nthawi zina amachokera m'misozi yotereyi.

Olemba za ngozi amawerenga nyumba zogwa, minda yokokoloka ndi ziweto zakufa. Chiweto chamoyo chomwe chatsala opanda podya sachiona. Ndiye kuti mlimi adikire ng'ombe yake ife kaye kuti alowe m'kaundula, eti?

Kwina anaganiza mosiyana. Ku Kenya boma linayambitsa inshulansi ya ziweto mu 2015, poyambira ku Turkana ndi Wajir. Amayeza msipu ndi zithunzi za setilaiti, ndipo ukachepa kupitirira mlingo, ndalama imapita kwa mbusa ziweto zisanafe, kuti agule chakudya, madzi ndi mankhwala. Ku America nako boma limalipira oweta ng'ombe chilala chikawatchera msipu. Ife kuno tinagawako mbuzi kudzera mu AIP ku Nsanje ndi Chikwawa, kusonyeza kuti boma limadziwa kuti chiweto ndi chuma. Kugawa mbuzi kokha, osafunsa kuti idya chiyani madzi akabwera, n'kutunga madzi ndi dengu.

Tikufuna a DoDMA ndi khonsolo ya Nkhotakota aziika msipu pa fomu yowerengera zowonongeka, ndipo alangizi a ziweto azikhala nawo m'gulu loyendera midzi. Thandizolo lizifika chiweto chikadali chiimire.

Koma apa mpomwe tiyenera kutsegula maso, anzathu. Sitinaiwale K6.2 biliyoni ya Covid-19 yomwe inautsa mkwiyo mu 2021, yambiri itathera m'maalawansi. Ndalama ya msipu ikadzangokhazikitsidwa popanda malire, oyamba pamzere adzakhala mabwana a makola akuluakulu, ena oti ng'ombe zawo amangozionera pa foni. Mayi wa mbuzi zinayi adzauzidwa kuti dzina lake silikuoneka. Nchifukwa chake tikuti pakhale malire a chiwerengero cha ziweto zomwe munthu mmodzi angalandirire, ndalama izipita pa foni ya mwini wake osadzera m'manja mwa munthu, ndipo maina a olandira azimatidwa poyera, pa sukulu kapena pabwalo la amfumu, aliyense aziwerenga.

Amene muli ndi abale kwa Malengachanzi, aimbireni sabata ino. Afunseni kuti ziweto anagulitsa zingati, pamtengo wanji, ndipo anabwera ndani kudzalemba. Mayankhowo titumizireni pagulu pano, tidzapite nawo kwa phungu ndi makhansala dzinja lisanafike. Uthengawu upatsireni ena.