MAYESO A CHINGEREZI: M'MERA MPOYAMBA

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu za ku Bolero, Hewe, Mhuju, Nchenachena, Chiweta ndi Mlowe,

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'midzi mwathu mumveka mawu amodzimodzi: "Mwana anakhoza zonse, koma Chingerezi chamugwetsa." Mawu amenewa tawanena nthawi yaitali monga ngati tinena za matalala kapena dzombe, zinthu zimene munthu sangazichite kanthu. Ine ndinena kuti si choncho ayi. Ana athu agwa pa Chingerezi chifukwa akumana nacho m'kalasi mokha, ndipo ayamba kulimbana nacho mayeso atayandikira kale. Mankhwala ake ndi kuchiwerenga, kuchilemba ndi kuchiyankhula tsiku ndi tsiku kuyambira pa Fomu 1, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyi tingaigwire ife tomwe kumudzi kuno.

Tiyambe taona lamulo, pakuti makolo ambiri salidziwa. Mayeso a MSCE ayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Phunziro lililonse lipatsidwa giredi kuyambira 1 kufikira 9. Giredi 1 ndi 2 ndiyo yapamwamba, 3 kufikira 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Tsono satifiketi saipereka kwa munthu amene walephera Chingerezi. Mwana apeze 2 pa masamu, apeze 3 pa zaulimi, koma akapeza 9 pa Chingerezi abwerera kumudzi chimanjamanja. Amene afuna malo ku yunivesite za boma ayenera kukhala ndi makirediti 6, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Ndiponso, kupatula maphunziro a ziyankhulo monga Chichewa, mafunso a maphunziro onse afunsidwa m'Chingerezi nayankhidwa m'Chingerezi. Mwana woleredwa m'munda wa fodya ku Hewe adziwa bwino za nazale, za feteleza ndi za chigafa, koma ngati sazindikira kusiyana kwa mawu akuti "state", "describe" ndi "explain", alemba mzere umodzi pamene afuna ndime yonse, nataya malikisi pa chinthu chimene achidziwa kuposa wofunsayo.

Sitikana kuti katundu wa mwana wa ku Rumphi ngolemera. Kunyumba ayankhula Chitumbuka. Akafika kusukulu apeza mabuku a makalasi oyamba ali m'Chichewa, ndipo asanachigwire bwino Chichewacho, maphunziro asanduka a m'Chingerezi. Kale sukulu za mishoni ya Livingstonia zinkaphunzitsa ana aang'ono m'Chitumbuka, koma m'chaka cha 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko lonse, Chitumbuka nichichotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku oti lamulolo ligwire ntchito sanafike. Mu 2014 unalengezanso kuti Chingerezi chiyambire pa Sitandade 1. Koma chilengezo sichibala mphunzitsi, sichibalanso buku. Chotero mwana wathu asenza ziyankhulo zitatu pamene mnzake wa ku Lilongwe asenza ziwiri, ndipo mayeso awo ndi amodzi.

Ena mwa inu adzati: "Nanga bwanji osangochotsa lamulo la Chingerezilo, kuti ana alandire masatifiketi awo?" Mtima umene afunsira ndaumva, koma sindigwirizana nawo. Malamulo a dziko alembedwa m'Chingerezi. Mapangano a ngongole, makalata a ku banki, malangizo a pa botolo la mankhwala a mbewu, zambiri mwa izi zibwera m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko lino anena kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ayenera kudziwa kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira. Tikachotsa mayesowo lero, ana a anthu olemera adzapitiriza kuchiphunzira m'sukulu zolipira, ndipo ana athu adzatsala ndi pepala limene silitsegula khomo lililonse. Chimene tifuna ndi chakuti mwana wa mlimi achidziwe Chingerezicho.

Ndipo boma lathu lino la Rumphi lisanene kuti nzosatheka. Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu ya Overtoun pa Khondowe m'chaka cha 1894, ndipo ana a anthu osadziwa ngakhale chilembo chimodzi anatuluka pamenepo akulemba Chingerezi chimene akuluakulu a boma ku Zomba sanathe kuchinyoza. Levi Mumba anali mlembi wa North Nyasa Native Association, imene inayamba mu 1912, nalemba madandaulo a anthu m'chiyankhulo cha olamulira omwewo. Clements Kadalie, wophunzira wa pa Livingstonia, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Legson Kayira, amene anaphunzira pa sekondale ya Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 atatenga Baibulo ndi buku la John Bunyan, nafika ku Khartoum, napita kukaphunzira ku America, ndipo mu 1965 anatulutsa buku lake la "I Will Try". Anthu amenewa analibe magetsi kwawo, analibe foni. Anali ndi mabuku ochepa amene anawawerenga kawirikawiri, ndi aphunzitsi amene anawalembetsa nawachongera. Ndipo palibe mmodzi mwa iwo anataya chiyankhulo cha amayi ake kuti apeze Chingerezi.

Nanga lero chalakwika nchiyani? Choyamba ndi chizolowezi choloweza. Mwana akhala zaka zitatu osawerenga buku lililonse la nkhani, ndipo pa Fomu 4 kholo ligulitsa mbuzi kuti ligule timabuku ta mafunso akale ndi kulipira maphunziro apadera a pa holide. Mwanayo aloweza chimangirizo chimodzi cha ukwati ndi china cha ngozi ya pamsewu, akuyembekeza kuti chidzabwera. Tsiku la mayeso apeza funso lina, nalemba zomwe analowezazo, ndipo wochonga aona msanga kuti yankho silikugwirizana ndi funso. Mafunso akale ali ndi ntchito yake, ndiyo kuzoloweza mwana maonekedwe a pepala ndi kasungidwe ka nthawi, koma saphunzitsa chiyankhulo. Ena afika pofuna kugula mayeso obedwa. Kumbukirani za mu Novembala 2020, pamene mapepala a MSCE anabedwa, boma niliimitsa mayeso onse, ndipo ana a dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa kulemba. Mayeso a Chingerezi afunsa galamala, chimangirizo, kumvetsa nkhani, kufupikitsa nkhani, ndi mabuku osankhidwa a nkhani, ndakatulo ndi masewero. Zonsezi ayankha ndi cholembera. Munthu aphunzira kulemba polemba, wina namuonetsa pamene walakwa. Koma tiyerekeze mphunzitsi mmodzi wa pa CDSS, sukulu zoyendera zija zimene zinayamba mu 1998, ali ndi ana 80 m'kalasi. Akati achonge chimangirizo cha mwana aliyense kwa mphindi 5, ndiye mphindi 400, pafupifupi maola 7, pa kalasi imodzi yokha, ndipo ali ndi makalasi enanso. Musamutukwane mphunzitsi ameneyu. Iye apereka chimangirizo kamodzikamodzi chifukwa manja ake ndi awiri basi.

Chachitatu ndi mantha. M'sukulu zina mwana akamveka akuyankhula Chitumbuka apatsidwa chibalo, atchetche udzu kapena akolope. Chotuluka chake nchakuti mwanayo angotseka pakamwa, osayankhula Chitumbuka, osayankhulanso Chingerezi. Akayesa nalakwitsa, anzake amuseka, ndipo kumudzi akayesa timunena kuti ngodzikweza, wasanduka mzungu. Zolakwa za ana athu si za umbuli, zili ndi chifukwa chake. M'ziyankhulo zathu "l" ndi "r" sizisiyanitsa tanthauzo, nchifukwa chake "pray" ndi "play" ziwasokoneza. Ife tinena "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, pamene Chingerezi chifuna "he" ndi "she". Timawu ta "a" ndi "the" tilibe mnzake m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Mphunzitsi amene afotokoza zimenezi poyerekeza ndi chiyankhulo cha mwanayo achiza vutolo msanga kuposa amene agwira ndodo.

Tsono inu a tcheyamani, alembi ndi asungichuma a nthambi, nazi zimene tingachite popanda kudikira munthu wochokera ku Lilongwe.

Choyamba, nthambi iliyonse ikhale ndi bokosi la mabuku. M'nyumba zambiri muli mabuku a ana amene anamaliza sukulu kale, akudyedwa ndi chiswe. Tiwasonkhanitse, mlembi alembe dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. Amene apita ku Boma kapena ku Mzuzu abwere ndi nyuzipepala, ngakhale ya sabata yatha, pakuti Chingerezi chake sichinawole. Ana athu a ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam tiwapemphe dikishonale m'malo mwa malaya a mpira.

Chachiwiri, tipemphe aphunzitsi opuma ntchito, alembi akale a boma ndi akulu a mpingo odziwa Chingerezi, amene Rumphi ali nawo ochuluka, kuti aliyense atenge ana 10. Mwana aliyense alembe tsamba limodzi pa sabata: kalata yopempha ntchito, lipoti la msonkhano wa mudzi, nkhani ya mlatho umene unakokoloka, kapena kufotokoza mmene akololera khofi ku Phoka ndi mmene aumitsira usipa ku Mlowe. Wochongayo asadzaze tsamba ndi inki yofiira. Asankhe zolakwa zitatu, azifotokoze, mwanayo alembenso. Pa masabata 30 pa chaka, kwa zaka 4, mwana ameneyo adzalowa m'chipinda cha mayeso atalemba masamba 120 ochongedwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chachitatu, Loweruka masana pakhale bwalo la mtsutso pa sukulu kapena pa tchalitchi. Ana atsutsane m'Chingerezi pa nkhani zimene azidziwa: kodi fodya ngwabwino kuposa soya? Kodi njovu za ku Vwaza zikaononga munda alipire ndani? Woseka mnzake atuluke panja. Mayeso a MSCE sayesa kuyankhula, koma amene anazolowera kupanga ziganizo ndi pakamwa sazengereza kuzipanga ndi cholembera. Sukulu zathu zilowenso mipikisano ya masewero a Chingerezi imene bungwe la aphunzitsi la ATEM lakhala likuchititsa.

Chachinayi ndi cha inu makolo, ngakhale amene simunapite kusukulu. Madzulo mwana amvere nkhani za m'Chingerezi pa wailesi, kenaka akufotokozereni m'Chitumbuka zimene wamva. Pambuyo pake mumve nkhani zomwezo m'chiyankhulo chimene muchimva, ndipo mudzadziwa nokha ngati mwanayo anamvetsa. Amenewo ndi mayeso a kumvetsa nkhani, opanda ndalama. Awerenge ndime m'Baibulo la Chitumbuka, awerengenso ndime yomweyo m'la Chingerezi. Akhale ndi kope la mawu atsopano, mawu 5 pa tsiku, ndipo pa masiku 300 ndi mawu 1,500. Nyali ya sola ikhale ya wophunzira kwa ola limodzi. Ndipo ola limenelo likhale la mtsikana monga la mnyamata. Tisamutume mtsikana kumadzi ndi kumtondo mpaka mdima, mlongo wake ali khale ndi buku, kenaka tidabwe kuti walephera.

Chachisanu, tiyang'ane msanga. Mayeso a JCE a pa Fomu 2, amene anaimitsidwa pambuyo pa 2016, anabwezedwa mu 2021. Musangofunsa kuti "Wakhoza kodi?" Funsani kuti pa Chingerezi wapeza chiyani. Ngati chili chofooka, patsala zaka ziwiri zoti chikonzedwe, ndipo zaka ziwiri nzokwanira.

Pochita izi sitikumasula boma pa udindo wake ayi. Nthambi zilembe makalata kwa akuluakulu a maphunziro a boma lino, kwa makhansala ndi kwa aphungu athu, kupempha kuti CDSS iliyonse ikhale ndi mphunzitsi wa Chingerezi wophunzitsidwa ntchito ya ku sekondale, ndiponso kuti mabuku osankhidwa a mayeso afike okwanira, ana 10 asamalimbirane buku limodzi. Mayeso ali amodzi kwa mwana wa sukulu yogonera konko ndi mwana woyenda mtunda wautali m'mapiri a Phoka, choncho zida zikhalenso zofanana. Makomiti a makolo ndi aphunzitsi afunse kuti chibalo cha chiyankhulo chithe. Kalata ikapanda kuyankhidwa, tilembe ina, ndipo nthumwi zipite nayo pamanja.

Pa msonkhano wa nthambi ukubwerawu, nkhani iyi ilowe pa ndondomeko. Mlembi abwere ndi maina a ana onse a m'dera lake amene ali pa Fomu 1 ndi Fomu 2, ndi maina a anthu amene angathe kuchonga. Asungichuma anene mtengo wa bokosi, loko ndi makope. Amene mulibe mwana ku sekondale musati sizikukhudzani, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kalata yanu ya ku khoti kapena ya kuchipatala adzakuwerengerani ndi iyeyo. Mbewu ya fodya tifesa pa nazale mvula isanagwe. Tiyeni tichite chimodzimodzi ndi ana athu.